Tsiku limene nsapato zagalasi zidayasama pa perekaniperekani

Mlembi wa danga lino ali ndi peyala imodzi yokha ya nsapato zachikopa. N'zabulawuni, zili ndi timabowo tokongoletsa kumphuno, ndipo wosoka nsapato wa pansi pa mtengo wa mango amazidziwa ngati ana ake. Zayenda naye ku maliro, ku zinkhoswe, ndi ku maintaviyu atatu amene mpaka lero akudikirabe foni yake.

Ndiye mng'ono wake atabwera kudzanena kuti akumanga woyera, ndipo amufuna pa gulu la operekeza mkwati, mlembi wanu adangoti za kuphazi zisamudetse nkhawa.

"Achimwene, tonse tivala tuxedo," adatero mnyamatayo, maso ali pansi pomwe panali nsapato zija. "Izozo zikapumuleko tsiku limenelo."

Akuluakulu amati safunsa adadya phula. Mlembi wanu adafunsa ndithu. Adapita kwa telala wina wachikulire amene adasokerapo mabwana, ndipo adapatsidwa phunziro laulere. Tuxedo si suti wamba: kolala ya jekete lake imakutidwa ndi nsalu yonyezimira, buluku limakhala ndi mzere wa nsalu yomweyo m'mbali, lamba savala, ndipo pakhosi pamatera tayi yonga gulugufe. Chovalachi chidachokera ku London, kumene atelala a Henry Poole mumsewu wa Savile Row adasokera mwana wa Mfumukazi Victoria, amene adadzakhala Mfumu Edward VII, jekete lalifupi lodyera mgonero m'chaka cha 1865. Dzina lidachokera ku Tuxedo Park, malo a anthu opeza bwino kufupi ndi New York, kumene jeketelo lidatchuka cha m'ma 1886.

Apa mlembi wanu adazindikira kuti akuvala chovala chimene eniake amachitulutsa dzuwa likalowa, pomwe iye adzachivala 9 koloko m'mawa, mu Okutobala, phula likusungunuka pamsewu.

Atafika pa nsapato, telala uja adayamba kuwerenga ndi zala. Yoyamba ndi Oxford yakuda yonyezimira ngati galasi, ya chikopa chimene amachitcha patent. Oxford imadziwika ndi pomanga zingwe: mbali ziwirizo zimasokeredwa pansi pa chikopa cha kutsogolo, kotero ukamanga zimakumana bwinobwino, osati kukupiza ngati makutu a njovu monga ichitira Derby. Yachiwiri ndi Oxford yakuda yachikopa wamba, yopanda zokongoletsa, yopolishidwa mpaka munthu kudziona mano. Yachitatu ndi kansapato kopanda zingwe kokhala ndi riboni pamwamba, kamene azungu amati opera pump. Mayi a kunyumba ataona chithunzi chake pafoni adafunsa ngati kamabwera ndi diresi lomwe.

Nanga zabulawuni zija? Telala adapukusa mutu. Timabowo tija, adatero, tidayambira kwa alimi a ku Ireland ndi Scotland amene ankayenda m'madambo, kuti madzi akalowa azituluka. Zaka zonsezi mlembi wanu wakhala akutchena ndi nsapato za kudimba.

Loweruka lotsatira adalawirira ku kaunjika. Atafukula mulu wachitatu, zidatulukira: zakuda bii, zonyezimira moti adaonamo dazi lake. Vuto linali limodzi. Phazi lake ndi 9, nsapato zinali 8.

"Izi zimatamuka, bwana wanga," adatero wogulitsa. "Mukangoyenda nazo kawiri zizolowera."

Mlembi wanu, amene adapita ku sukulu ndipo ali ndi satifiketi m'chikwama, adakhulupirira. Zoona zake n'zakuti chikopa chonyezimirachi, chimene Seth Boyden wa ku Newark ku America adachitchukitsa cha m'ma 1819 pochipaka mafuta ouma, masiku ano chimakutidwa ndi pulasitiki. Pulasitiki satamuka, salola mpweya kudutsa, samwa polishi, ndipo akakalamba amang'aluka. Chitini cha Kiwi chimene adagula padera chidangomata pamwamba ngati phala, mayi a ana n'kuchipukuta ndi kansanza akuseka chamumtima.

Tsiku la ukwati, m'tchalitchi zinthu zidayenda bwino kwa mphindi makumi awiri. Kenako chala chaching'ono chidayamba kudandaula. Abusa akufika pa malumbiro, chidendene chinali chitatuluka thuza, ndipo misozi inali mbwembwembwe. Azakhali adamusisita pamsana: "Limbani mtima bambo, mng'ono wanu sakupita kutali." Iye adangovomera ndi mutu.

Kojambulitsa zithunzi kunali fumbi, ndipo nsapato yagalasi imakoka fumbi ngati shuga akokera nyerere. Pofika kuholo inali itasanduka yabulawuni, mtundu womwe uja adaukaniza telala.

Ndiye idafika perekaniperekani. Woyendetsa mwambo adaitana akuchimuna, DJ adakweza nyimbo, ndipo mlembi wanu adanyamuka ndi mpukutu wa ma K50 ndi ma K100 amene adasinthitsa kutebulo kuti aoneke ngati wabwera ndi thumba. Palibe adamuuza kuti nsapato zotere pansi pake n'posalala, ndipo anthu ozidziwa amayamba apakwecha ndi sandipepa kapena pasimenti. Sitepe yoyamba pa matailosi, mwendo wamanzere udalowera ku Mchinji, wamanja ku Mulanje. Anthu adaimba m'manja poyesa ndi kavinidwe katsopano, ndipo achinyamata awiri adayamba kutengera.

Podzuka, guluu wa nsapato yamanja, amene mwina adamatidwa mlembi wanu asadakwatire, adagonja ndi kutentha. Nsapato idayasama kukamwa ngati mlamba, n'kuonetsa sokosi. Telala adanenetsa kuti masokosi akhale akuda, aatali, kuti munthu akakhala pansi msongolo usaoneke. Mlembi wanu adavala oyera a mpira, poganiza kuti ndani angawaone. Adawaona anthu a mbali zonse ziwiri, ankhoswe, ndi wojambula vidiyo amene adawayandikitsa bwinobwino.

Amene adaba mitima ya anthu tsikulo anali bambo ake a mkwatibwi, mphunzitsi wopuma ntchito. Adavala nsapato zakuda za zingwe, zopanda kabowo n'kamodzi komwe, zomwe mwachionekere akhala nazo zaka. Adazipolisha usiku wathawo, adagula zingwe zatsopano, ndipo adavina mpaka keke kudulidwa osatsimphina.

Choncho kwa inu amene khadi yafika ndipo mwauzidwa za tuxedo, mlembi wanu akuti: nsapato ikhale yakuda, yosalala, ya zingwe, ya saizi yanu yeniyeni. Kayeseni madzulo mapazi atatupa, mutavala masokosi omwe mudzavale, ndipo muyendeyende nayo m'nyumba sabata yathunthu tsiku lisadafike. M'thumba muikemo kansalu kopukutira fumbi.

Iye adabwerera kunyumba pa kabaza atavala patapata za mlamu wake, tayi ya gulugufe ili pakhosi. Nsapato zagalasi zija tsopano zikutchinjiriza chitseko cha kubafa, ndipo zabulawuni zabwerera pa ntchito.