Bayete APA, nkosi ya mipatuliro!

Tiyeni tivule zipewa. Kuno ku Ntcheu tili ndi Inkosi ya Makhosi Gomani ku Lizulu, koma aphunzitsi ndi anamwino amene akuwonjezera maphunziro amagwadiranso mfumu ina yosaoneka, dzina lake APA. Likulu lake lili ku Washington, kubungwe la akatswiri a za maganizo a anthu la American Psychological Association. Inabadwa mu 1929 ili kakhanda ka masamba 7 m'magazini ya Psychological Bulletin. Lero ndi chibuku chonenepa, ndipo mu 2019 chinatuluka kachisanu ndi chiwiri.

Malamulo ake a katchulidwe ka mabuku mu kafukufuku ndi ozama: dzina la wolemba, mpatuliro, kenako chaka, zonse m'mikutiramawu. Ukaiwala kampatuliro kamodzi, alekichala amazunguliza ndi cholembera chofiira, zomwe wapeza pa matenda a nkhawa osaziwerenga n'komwe.

Koma chimene ndimaikondera mfumuyi ndi timawu tiwiri, et al. Olemba akakhala atatu kapena kuposerapo, mkati mwa nkhani umangotchula woyamba, ena onse n'kuwakwirira m'timawu timeneti. Ha, kulimba mtima kwake! Tayesani zimenezo pamaliro ku Tsangano. Wowerenga chipepeso anene kuti "a Ngozo et al. apereka thumba la kachewere," muone ngati mayi amene anaponya K500 adzamupatsenso moni chaka chino. Ife timafuna dzina, mfunda, mudzi ndi ndalama yake, zonse mokweza.

Amene amaigwiritsa bwino ntchito mfumuyi ndi mabwana ena a m'maofesi. Mnyamata azungulire midzi pa kabaza kufunsa mafunso, alembe usiku ndi tochi ya foni magetsi atathima, koma lipoti potuluka dzina la bwana lili patsogolo. Mnyamata uja ali phee mu et al., alawansi yomwe sanaione.

Nanga agogo amene akalambira pa ntchito yotonthoza anamfedwa ndi kuyanjanitsa mabanja? APA imati zomwe akuwuzani pakhonde muzitchule mkati mwa nkhani basi, pamndandanda wa mabuku wa kumapeto asapondepo, poti sanasindikize. Koma mlendo amene anacheza nawo masana amodzi n'kukalemba, iyeyo amalowa, ndi chaka chomwe.

Choncho inu a ku Kampepuza ndi ku Bawi amene mukulemba kafukufuku, musalimbane nayo mfumuyi. Ikani mpatuliro pamalo pake, ndipo pogawana ntchito ndi anzanu, limbiranani dzina loyamba.