Malaya a nsapato, landirani ulemu wanu

Pa zovala zonse zimene munthu wakhala akusoka chichokereni m'munda wa Edeni, palibe chodzichepetsa kuposa malaya a nsapato. Azungu amawatcha spats. Si nsapato, si sokosi, komanso si bandeji, ngakhale anzanga ena pa Ntaja amandipepesa n'kufunsa kuti ndinavulala liti. Ndi kansalu kokuta akakolo ndi pamwamba pa nsapato, komangidwa ndi mabatani m'mbali, kokhala ndi kalamba kodutsa kunsi kwa phazi. Chipewa chimatchinga dzuwa, jekete limatchinga chiperoni, koma awa anabadwira kutumikira nsapato, chinthu chimene ntchito yake ndi kuponda ndowe. Ndani wina angavomere kukhala wantchito wa wantchito popanda kunyinyirika?

Anga ndinasoka ndekha, ine amene chibadwire ndinali ndisanalowetsepo ulusi pa singano. Chinandiputa ndi beni. Gulu la m'mudzi mwathu linandipatsa ukaputeni, osati chifukwa chodziwa kuponda sitepe ayi, koma chifukwa ndine ndinagula chikopa cha ng'oma. Tsono kaputeni sangaoneke ngati msilikali wamba.

Gule ameneyu ndi wa zovala kuyambira kale. Anayambira kugombe la Aswahili, ku Mombasa ndi ku Lamu, m'ma 1890, ndipo dzina lakelo ndi bandi ya azungu ija, lilime lathu litaipinda. Kuno anabwera ndi asilikali a King's African Rifles pochokera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, omwe aja chipilala chawo chikadali chiimire ku Zomba. Wolemba mbiri Terence Ranger anachita kumulembera buku lathunthu mu 1975. Koma taonani zithunzi za asilikali a nthawi imeneyo. Miyendo yokulungidwa bwinobwino ndi mapatisi kuchokera m'kakolo mpaka m'bondo, pansi ambiri phazi lili pamtunda. Mfumu ya ku London inaveka msongolo n'kuiwala phazi! Ine ndinati ndikonze mbiri, ndiveke nsapato yeniyeni malaya oyera mbee, ngati aja amavala asilikali a ku Scotland oliza zitoliro.

Ndinayamba ndapita kwa atelala a pakhonde la golosale. Anayang'ana chithunzi, anandiyang'ana ine, anapukusa mutu uku akupalasa Singer wawo. "Aphunzitsi, mubwere mawa." Mawa la atelala inu mukulidziwa. Yunifolomu ya mdzukulu wanga inalowa pakhonde limenelo teremu yoyamba, ndipo mwanayo watalika kawiri ikadali m'chikatoni.

Ndiye ndinagula thalauza loyera la nsalu yolimba pa kaunjika, ndinabwereka sizasi, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Nzeru yake ndi yosavuta poimva. Umakulunga nsapato ili kuphazi ndi pepala la thumba la simenti, n'kulemba mzere kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali modzakhala mabatani. Ukadula zimatuluka zidutswa zitatu. Umaziyala pansalu, n'kusiya kampata ka msoko, n'kudula. Msoko wakutsogolo ndiwo mfiti, chifukwa umapindika potsika kuchoka pamsongolo kupita kuzala, ndipo ukaukoka pang'ono nsalu imachita makwinya ngati nkhope ya munthu wodya bwemba. Ndinausoka ndi kuumasula kanayi. Zibowo za mabatani zinali khumi, chilichonse chozunguliza ndi ulusi pamanja, ndipo pachibowo chachitatu chala changa chinali chitadziwana bwino ndi singano. Timadontho tofiira tili mkatimo, amene akukayika abwere adzaone.

Mayi a kunyumba ankaona zonsezi akupeta mpunga, osatsegula pakamwa masiku asanu ndi limodzi. Tsiku loyesa, nditamanga batani lomaliza n'kuima njo, anaika lichero pansi.

"Bambo, kodi mwendo wakumanjawo munaubwereketsa kwa ndani?"

Onse awiri anali a kumanzere. Palibe anandiuza kuti podula wachiwiri pepala lija umalitembenuza. Mabatani amayenera kukhala kunja kwa mwendo uliwonse, koma anga, a mwendo uno ali kunja, a mwendo uwo ali mkati.

Apa ndi pamene ulemerero wa chovalachi unaonekera, ndipo ndikupempha oseka aja akhale chete. Ndi chovala chiti china chimene chimasunga mwambo wa perete chotere? Mabatani khumi onse maso kumanzere, palibe ndi limodzi lomwe lotembenuka. M'dziko muno galimoto zimayenda kumanzere, ndiye mapazi anga akungomvera lamulo, kusiyana ndi anyamata a kabaza a pa Liwonde amene amayenda kumene mtima wawo wafuna. Poyenda, mabatani a mkatiwo amakhula kakolo wa mnzake, khwe, khwe, khwe, moti agalu amadziwiratu kuti kaputeni akubwera. Pokwera njinga amakola tcheni, kundikumbutsa kuti munthu wa udindo sathamanga. Chisoso chonse cha m'njira yakudimba chimene kale chinkavutitsa masokosi anga tsopano chinapeza kwawo. Ndimakhala madzulo onse ndikuchizula kamodzikamodzi, ndipo nthawi yopita kukamva miseche kubawo sindikhalanso nayo.

Ena amati fashoni imeneyi inatha. Inatha kwawo. Mabwana a ku London ndi ku New York ankavala zimenezi mpaka m'ma 1920 chifukwa misewu yawo inali ya matope ndi ndowe za akavalo. Atathira phula n'kukwera galimoto, anazivula. Ife msewu wathu uli momwe unalili, fumbi lofika m'kakolo mu Okutobala, phala la matope mu Januwale. Ndiye amene watsalira m'mbuyo ndani, ine kapena msewu?

Pamenepa mundilole ndivule kaye chipewa cha ukaputeni. Nsapato yanga yakumanja ili ndi chibowo kunsi cholowa chala chachikulu, ndipo malayawa sachidziwa n'komwe. Iwo amabisa pamene anthu amayang'ana, pamene pamaponda pansi amati izo n'zako. Poyamba ndinkaona ngati ndi chilema, mpaka tsiku lina tinamva kuti kukubwera alendo olemekezeka. M'mawa kutacha, mitengo yonse ya m'mbali mwa msewu inali itavala malaya a nsapato! Laimu mbee kuchokera pansi mpaka m'bondo, miyala nayonso yoyera ngati mazira. Geleda, amene tinali titamuiwala maonekedwe, anapala kuchokera pamphambano mpaka pamene panamangidwa tenti, n'kutembenukira pomwepo. Kuseri kwa tentiyo kuli kamlatho kathu kamene kanapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Amayi oyembekezera amawoloka pamenepo atakwinya zitenje, odwala timachita kuwabereka kumsana. Akuluakulu anabwera, anayeza ndi tepi, analemba m'mabuku, analandira ya nkhomaliro. Anabweranso ena, anayezanso, kuopa kuti mwina mtsinje unafupika. Chikomekome cha mkuyu. Ine bola ndimavomera kuti nsapato yanga ndi yobooka.

Tsiku la gule linafika, ndipo kwa mphindi ngati zisanu ndinali munthu wowala kuposa aliyense pabwalo. Amayi analuluta, ana anasiya kuonera ng'oma n'kumaonera mapazi anga. Kenaka fumbi linagwira ntchito yake, malaya oyera aja anasanduka a kaki, n'kufanana ndi yunifolomu popanda kulipira utoto. Kalamba kakunsi kanaduka pa nyimbo yachiwiri, malaya akumanja anakwera n'kumazungulira pamsongolo ngati chibangili. Sajeni wathu, mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha sitandade 5, anandichitira sawasha n'kunena motsitsa mawu, "Bwana kaputeni, bandeji yamasuka." Tinamangira mphira wa chubu cha njinga, gule n'kupitirira.

Sabata yathayi ndinaganiza zosoka awiri a kumanja kuti ndikhale ndi mapeya awiri athunthu. Atelala, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Mutembenuze pepala, aphunzitsi." Ndinalitembenuza. Pofuna kuchita zinthu mosamala, ndinatembenuzanso nsalu.

Panopa pachingwe payanikidwa anayi, onse maso kumanzere. Mayi a kunyumba akuti sopo wotsatira ndigule ndekha.