Digiri ya Kujoni ndi ng'ombe za amalume

Ndalama zimene ndinapitira kusukulu ku South Africa sizinali zanga. Zinali za amalume, za amayi ndi za achemwali anga kwathu ku Tsangano, ndipo onsewa ndinawauza mtengo wabodza. Sindinawonjezere kanthu kuti ndidyepo, ayi. Ndinachotsera. Ndinawatchulira fizi, ya basi ndi kangachepe ka chakudya, zina zonse n'kuzisunga mumtima, poopa kuti akamva zonse anena kuti ulendo usakhalepo. Nkhaniyi yandilemera kwa nthawi yaitali, ndipo ndikuilemba chifukwa anthu amene ndinawalakwira ndi omwe anandikonda koposa.

Digiri yoyamba ndinaipeza ku Bunda, ya zaulimi. Ntchito yoyenerana ndi pepalalo sinapezeke, choncho ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti pa Ntcheu boma, malipiro ake ongokwanira lendi, ufa ndi sopo. M'chaka cha 2023 ndinafunsira malo pa yunivesite ina ya m'chigawo cha Gauteng, ndipo ananditenga kuti ndikachite Honours, maphunziro a chaka chimodzi amene kumeneko amakhala pakati pa digiri yoyamba ndi yachiwiri. Chaka chimodzi chokha. Ndinkadziuza kuti munthu sungalephere kupirira miyezi khumi.

Chinandilimbitsa mtima kwambiri ndi pangano la maiko a SADC pa nkhani za maphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997. Panganoli limati wophunzira wochokera m'dziko la SADC azilipira fizi yofanana ndi ya mwana wa dziko limene wapitalo. Zimenezi n'zoona, ndipo ine fizi anandiwerengera yofanana ndi ya eni dziko. Koma kalata yonditenga inali ya masamba awiri. Tsamba loyamba linali la mawu okoma ndi fiziyo. Lachiwiri linali ndi zimene pangano la ku Blantyre silikhudza: ndalama yapadera ya ophunzira akunja, lamulo loti mlendo alipiretu gawo lalikulu la fizi asanalembetse, medical aid ya chaka chonse yochokera ku kampani yolembetsedwa ku South Africa komweko, ndi dipoziti ya chipinda. Ndinawerenga tsambalo, ndinamva zonse, n'kulipinda kuliika m'thumba la jekete.

Ndili ku sekondale ndinkaikonda nkhani ya Legson Kayira, amene ananyamuka wapansi mu 1958 kukafuna sukulu ku America. Chimene ndinatolapo ndi kuyenda kokhako. Sindinalabadire zoti Skagit Valley College inamupatsa sikolashipi, ndi kuti ya ndege anachita kumusonkhera anthu a kumeneko. Ngakhale Kamuzu popita ku America mu 1925 anali ndi mpingo wa AME kumbuyo kwake. Ine kumbuyo kwanga kunali dimba la mbatatesi ndi ngolo imodzi.

Tinakumana pakhonde pa amalume Lamlungu titaweruka ku tchalitchi. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo ngolo yawo ndi imene inkatuta mbatatesi ya banja lonse kuchoka kumadimba kufika pamsewu, pamene mavenda amaimika malole. Ndinawawerengera tsamba loyamba, ndikumasulira m'Chichewa. Anamvetsera atazyolika, akupala msomali ndi kampeni.

"Zonse pamodzi zingati, mphwanga?"

Ndinatchula fizi, nditaisintha m'makwacha pa mtengo wa tsiku limenelo, n'kuwonjezerapo ya basi ndi kangachepe ka chakudya.

"Basi? Palibenso china?"

"Basi, amalume. Zinazo ndikadzionera komweko, ndizikagwira maganyu."

Anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Kenako anati ng'ombe ziwiri zapangolo zigulitsidwe, adzagula zina ndikayamba ntchito. Amayi anapereka zonse za mbatatesi ya chaka chimenecho. Achemwali anakatenga ngongole ku banki mkhonde m'dzina lawo, ya chiwongoladzanja cha mwezi ndi mwezi. Palibe anandipempha kuti aone kalatayo ndi maso awo. Anandikhulupirira chifukwa ndine amene ndinapita kusukulu.

Ndalamazo ndinaziika ku banki, n'kupereka mapepala opempha ndalama zakunja zolipirira fizi. Inali nthawi ya kusowa kwa madola, yomwe ija ya mizere ya mafuta, ndipo yankho linali loti ndidikire, pempho langa lili pamzere. Pamene ndinkadikira, tinthu ting'onoting'ono tinayamba kudya ndalamazo. Pasipoti inali K90,000 nthawi imeneyo. Digiri ya ku Bunda inafunika kuunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo kumeneko amalipiritsa m'marandi. Viza inafuna kalata ya kupolisi, kalata ya dokotala, umboni wa medical aid ndi umboni woti ndili ndi ndalama zodzisamalira. Pepala lililonse linali ndi mtengo wake, ndiponso ulendo wake wa ku Lilongwe pa minibasi, nthawi zina kugona komweko.

Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inalengeza kuti yachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imene inkagulidwa pa K1,180 inafika pa K1,700. Ndinamva pa wailesi ya mu golosale ndikugula bandulo, ndipo ndinatuluka osatenga chenji. Nditafika kunyumba ndinakhala pansi ndi cholembera. Makwacha amene dzulo lake akanagula madola 1,000 tsopano sankakwanitsa ngakhale 700. Palibe anaba tambala imodzi mu akaunti yanga, nambala inali yomweyo, koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta la abale anga linali litapita. Ndikanayenera kuziyembekezera. Mu Meyi 2022 kwacha inali itagwa kale ndi 25 peresenti, ndipo aliyense wogula feteleza ku Tsangano ankadziwa kumene zinthu zikulowera.

Apa ndi pamene ndinalakwa koposa. Njira yabwino inalipo: kulembera yunivesite kuti andisungire malo chaka china, kupita kwa amalume, kuwauza zoona, n'kuwabwezera zotsalazo akagule ng'ombe ngakhale imodzi mvula isanakhazikike. Koma ku tchalitchi anali atandipempherera kale, kusukulu ndinali nditatsanzika, m'mudzi ana ankandiloza kuti uyo akupita ku yunivesite ya Kujoni. Manyazi anandigwira pakhosi. M'malo monena zoona ndinanyengerera amayi kuti abwereketse dimba lawo lakudambo kwa zaka zitatu, ndalama n'kulandiriratu. Ndinawauza kuti vuto ndi kugwa kwa kwacha basi. Za tsamba lachiwiri sindinatchule.

Banki inandipatsa gawo chabe la zimene ndinapempha. Zotsalazo ndinasintha kwa anyamata a pa boda ya Mwanza, pa mtengo woposa wa kubanki, ndikuwerenga marandi kuseri kwa basi manja akunjenjemera. Tinadutsa Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Park Station mu Johannesburg. Pofika ku ofesi ya ophunzira akunja ndinalipira zimene zinkafunika kuti andilembe, n'kusainira pepala lovomera kuti zotsala ndidzamaliza chaka chisanathe. Ya chipinda cha pasukulu inali itatha.

Anandisunga ndi anyamata a kwathu ku Tembisa, mmodzi wa ku Lizulu, wina wa ku Kampepuza. Wina ankagwira ntchito m'maluwa kwa azungu, winayo ankathandiza amisiri omanga. Onse sanafike Fomu 4. Chipinda chinali chimodzi, mbaula ya magetsi ili pafupi ndi chitseko, matiresi amaimikidwa kukhoma kukacha. Anandipatsa malo pansi, ndipo madzulo akaphika nsima ya ufa wa m'shopu ndi mapazi a nkhuku ankanditcha "aphunzitsi", n'kundisiyira mtanda waukulu. Mwezi umene ndinalephera kusonkha ya magetsi, wa ku Lizulu uja anangoti, "Achimwene, inu werengani, ife tilipo." Anthu amenewa sindinawabwezere kanthu mpaka lero, ndipo sanandifunsepo.

Maganyu amene ndinalonjeza amalume anali ndi malire. Viza ya wophunzira imalola kugwira ntchito maola 20 pa sabata, ndipo ntchito imene ndinapeza inali yotsuka mbale mu lesitilanti, yomwe malipiro ake ankathera pa matakisi opita kusukulu. Anzanga a m'kalasi ovutika ngati ine anali ndi kodandaulira, ena anaphunzira digiri yoyamba ndi thandizo la NSFAS, koma thumba limenelo ndi la nzika za dzikolo. Mafomu ambiri a thandizo amene ndinatsegula ankafunsa nambala ya chitupa cha ku South Africa pa mzere woyamba. Mu Juni kunazizira, kuzizira kumene ngakhale ife a ku Tsangano timakuopa, ndipo ndinayamba kusankha masiku opita m'kalasi molingana ndi ndalama ya takisi. Kafukufuku wanga ankafuna laputopu ndi intaneti. Laputopu ndinali nditaipinyolitsa.

Chinandipweteka kwambiri ndi mafoni a kumudzi. Kwathu aliyense amadziwa kuti ndalama zimachoka Kujoni kubwera ku Malawi, anthu amakalandira pa Mukuru n'kugula malata. Achemwali ataimba kuti amayi a banki mkhonde abwera kudzatenga mbuzi chifukwa ngongole yakula, ankalankhula ndi munthu amene ali Kujoni, ndipo anali ndi chifukwa choyembekezera kanthu. "Ngakhale pang'ono pokha, achimwene, angoona kuti tikuyesetsa." Ndinawauza kuti ndiona kumapeto a mwezi. Tsiku limenelo m'thumba mwanga munalibe ndi ya takisi yomwe.

Mayeso ndinalemba. Kafukufuku ndinapereka mochedwa, mphunzitsi wondiyang'anira atandibwereka kompyuta ya mu ofesi mwake madzulo. Koma zotsatira sindinazione. Wophunzira amene ali ndi ngongole sapatsidwa zotsatira kapena satifiketi kufikira atamaliza kulipira, ndipo zimenezi zinali pa pepala limene ndinasainira ndi dzanja langa. Sindikuwada. Anandiuza zonse poyera kuyambira pa kalata yoyamba.

Viza inali kutha. Anzanga a ku Tembisa anati ndikhale, ndigwire ntchito chaka chimodzi ndilipire ngongoleyo, ambiri akukhala choncho opanda mapepala. Ndinaganizira usiku wonse. Malamulo a dzikolo amati wopitirira masiku a viza amaletsedwa kulowanso, chaka chimodzi ngati sanapyole masiku 30, zaka zisanu ngati wapyola. Ndinaona kuti ndawononga zokwanira. Anandisonkhera ya basi, ndipo mu Disembala 2024 ndinatsika pa Tsangano Turn-off ndi chikwama chomwe ndinapita nacho.

Kwa amalume ndinapita m'mawa mwake, ndisanalowe m'nyumba ya wina aliyense. Ndinawapeza akubwera kudimba, thumba la mbewu lili paphewa, pamene kale akanaliponya m'ngolo. Ndinatulutsa tsamba lachiwiri lija n'kuwawerengera mzere uliwonse, mpaka tsiku limene linalembedwa, kuti adziwe kuti ndinali nalo kale tsiku lija pakhonde. Sanakalipe. Anafunsa ngati amayi akudziwa, ndinati sindinawauze. Anati, "Ukawauze wekha, lero lomwe, ine ndilipo. Ng'ombe ndikanagulitsabe, mphwanga, koma ukanandiuza zonse ndikanadziwa kuti sizikwana, tikanadikira chaka china." Amayi analira. Achemwali anatha miyezi osandilankhula, ndipo sindikuwaimba mlandu, mbuzi zawo zinapita chifukwa cha ine.

Panopa ndinabwerera ku choko pa Ntcheu boma. Malipiro akabwera ndimayamba ndapatula za achemwali, kenako ya ngolo ya hayala imene amalume amatutira mbatatesi. Ngongole ya kuyunivesite ili m'marandi pamene ine ndimalandira makwacha, ndiye ngakhale nditapeza kangachepe, kuitumiza kumafunanso ndalama zakunja zomwe zija zosowa. Sindikunena kuti ana a ku Ntcheu asapite kunja kukaphunzira. Alipo amene anapita ndi masikolashipi athunthu, a Chevening kapena a Commonwealth, n'kubwerako ndi mapepala awo opanda ngongole. Ine sindinafunsireko ngakhale imodzi mwa zimenezi, chifukwa zimafuna kudikira ndipo ndinali pa liwiro.

Pempho langa likupita kwa inu amalume, amayi ndi achemwali amene mwana wanu wabwera ndi kalata ya sukulu yakunja. Musamve za pakamwa pake pokha, ngakhale ali mwana womvera. Itengeni kalatayo, masamba onse, mupite nayo kwa aphunzitsi kapena abusa akuwerengereni. Funsani za viza, za chipatala, za chipinda, za chakudya ndi za ulendo wobwerera, ndipo mtengo wake akuuzeni m'marandi kapena m'madola, osati m'makwacha a lero. Zikapanda kukwana, muuzeni adikire musanagulitse chilichonse.