Chikwanje cha ku Dambwa ndi ndondomeko yake yatsopano

Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, anthu a mu Livingstone adazolowera kugona babu ali choyatsa kuti magetsi akabwera awadzutse. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika September makomo ambiri ankaona magetsi maola atatu okha pa tsiku, mwinanso pakati pa usiku ngati mfiti.

Nyengo imeneyi ndi imene mlembi wanu, mkulu wa ku Dambwa amene luso lake ndi kukonza zinthu zosawonongeka, adaisankha kuti asule chikwanje. Mtengo wa cha m'sitolo udamupsetsa mtima. Choncho adagula sipuling'i ya galimoto ku Maramba, thumba la makala ndi madisiki a gulayinda yobwereka, ndalama zoti zikadagula zikwanje za mudzi wathunthu. Masamu ndi mlembi wanu sapatsana moni.

Mpeni uli ndi mbali ziwiri, ndipo zonse ziyenera kutsetsereka mofanana n'kukakumana pakatikati pa chitsulo. Usiku wina babu adayaka. Mkuluyu adadzambatuka, nkudzikulunga chitenje cha mayi akunyumba, nkupala mbali yoyamba mpaka agalu a komboni yonse kudzuka. Potembenuza chitsulo kuti ayambe inayo, phethi! M'mawa adapeza mbali ina yatambalala zala ziwiri, inayo chala chimodzi, kukamwa kwa mpeni kutapendekekera kumodzi. Mpeni wotere ukauika pa kabichi umakhota wokha.

Adachititsa msonkhano wa atolankhani pakhonde, pamaso pa mayi ndi nkhuku ziwiri. Adati vutoli labwera ndi kusintha kwa nyengo, ndipo gawo loyamba la ntchito yolinganiza liyamba magetsi akangobwera.

Gawo loyamba lidayenda bwino kwambiri, moti mbali yopapatiza ija idapitirira inzake. Gawo lachiwiri lidabweza chipongwe. Pomwe linkatha, chikwanje chidali chitasanduka mpeni wophera mbuzi, ndipo mlembi wanu adatsutsa mphekesera zoti chachepa: ndondomeko ndiyo idasintha. Gawo lotsatira lidatulutsa mpeni wosendera mbatata, wansonga yabuluu.

"Abambo," mayi adafunsa akusesa phulusa la chitsulo, "nanga chikwanje chija?"

"Chili m'kati mwa ndondomeko."

Mlembi wanu adakatula nkhaniyi kwa mkulu wina wosula mbaula ndi makasu kuseri kwa msika. Mkuluyo adachitembenuza chitsulocho, nkutsinzina diso limodzi kuyang'ana motsata msana wake.

"Mwana wanga, mzere wapakati mudalemba?"

Mzere wanji? Zoona zake n'zakuti wosula amayamba wafewetsa sipuling'i pa makala, nkuisiya m'phulusa kuti izizire pang'onopang'ono. Kenako amapaka inki m'mphepete momwe mudzakhale kukamwa, nkukandapo mzere pakatikati penipeni, woti mbali zonse zizilondola. Mbali zikasiyana, mumapala yotsalira yokhayo. Yopitirira ija simuikhudza ngakhale dzanja liziyabwa. Mumadetsa mbaliyo ndi maka, kukokapo tupa kangapo, ndipo pomwe inki yatsala ndi pomwe chitsulo chatundumuka. Kukamwa mumasiyako pafupifupi milimita imodzi mpaka mutalimbitsa chitsulo, apo ayi chimapindika pochiviika m'mafuta. Nthawi yoviika mumaidziwa ndi maginito: chikafika madigiri 770 sichikokanso, ndiye mumawonjezera moto pang'ono. Ubuluu wa kunsonga uja, mkuluyo adati, ndi chitsulo chopsa ndi gulayinda chifukwa chosachiviika m'madzi.

"Komanso dzanja lanu lamanja limakanikiza kuposa lamanzere. Tengani tupa. Tupa sathima."

Mlembi wanu adalandira lipotilo, nalonjeza kuti aliunika.

Iye angaseke, chifukwa chimene adataya ndi sipuling'i. Wowotcherera zitseko, wometa, mayi wa saluni, wa butchala amene nyama idamununkhira m'firiji, amenewa adataya lendi ndi fizi. Makilomita khumi kuchokera m'tauni, pa Mosi-oa-Tunya, pali siteshoni ya magetsi ya mamegawati 108, pomwe m'malo ogona alendo a m'mbali mwa Zambezi majenereta ankalira kuti zakumwa zisafunde. Khoma la Kariba lidatha mu 1959, ndipo mpaka 2024 magetsi a dziko lino oposa magawo 80 pa 100 ankadalirabe mvula, m'dziko lomwe dzuwa limatentha chidazi kwaulere. Akuti chilala chidatidzidzimutsa. Chilala cha 2015 ndi cha 2019 zidali makalata awiri, ndipo olipidwa kuti awawerenge adawaika m'dilowa.

Koma tibwerere ku ndondomeko.

Chigumbu chidali chokonzeka kale, cha mukusi, mtengo womwe Zambezi Sawmills inkatuta pa njanji kuchokera ku Mulobezi. Chidasemedwa pa msinkhu wa chikwanje, chotalika chikhatho ndi theka. Kutsogolo kwake tsopano kuli kachitsulo kosafika chala chankombaphala, kakuthwa ndithu, ndipo mlembi wanu akufuna dziko lidziwe kuti mbali zake n'zofanana. Mayi amakasomolera ulusi pa mpendero wa yunifolomu za ana.

Ataona kupambanaku, adalengeza pakhonde kuti khasu la pakhomo nalonso likuoneka lopendekeka ndipo lilowa mu gawo lotsatira. Madzulo omwewo mayi adalinyamula pamutu, pamodzi ndi nkhwangwa ndi lumo, kukasungitsa kwa mchemwali wawo ku Libuyu.