Vulani zipewa, chiponde chikudutsa

Ku London ndi ku Berlin kuli anthu amene akusowa tulo ndi funso limodzi: tikasiya nyama, mkaka ndi mazira, pa buledi tizipaka chiyani? Gulu lawo la Vegan Society adaliyambitsa Donald Watson ndi anzake ku England mu 1944, koma mpaka lero amaimabe m'masitolo, magalasi ali pamphuno, kuwerenga timalemba ta pachibekete kuti aone ngati ng'ombe siinapondemo. Ayesa bata wa kokonati, ayesa wa olivi, ayesa wa soya. Ine amandimvetsa chisoni. Mlandu umene iwo akuzenga zaka zoposa 80, azimayi a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo adaugamula kalekale ndi mtondo ndi munsi, ndipo chigamulo chake ndi chiponde.

Chakudya chimenechi si chaufumu wongogula. Mtedza udachokera ku South America, Apwitikizi nkuwolotsa nyanja, ndipo utafika m'dothi la ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa udakhazikika osafunanso kubwerera. Chalimbana ndi gogo wake, wamaso akuluakulu. CG7, wofiira uja wamafuta ambiri, adatulukira ku Chitedze mu 1990, pamsewu wa ku Mchinji pomwepa. Wokayika apite ku Mgona nthawi yokolola akaone matumba atasanjikizana, azimayi atakhala pansi akusankha, malole akudikira kupita nawo kunja kwa dziko. Alendo amabwera kudzaugwadira, eni akefe tili phee kusirira za m'mafiliji a anthu ena.

Mapangidwe ake ndi mwambo wofunika ulemu. Mtedza umayamba wakazingidwa m'chiwaya pa mbaula, moto wake wofatsa, mthiko osapuma, chifukwa ukangocheuka kuti uyankhe moni wa aneba wapserera. Ukazizira umafikisidwa m'manja, timakoko nkuuluka pa lichero. Kenako mumtondo. Poyamba munsi umalira gu! gu! Pakati pa ntchito umayamba kulemera. Ndiye imafika mphindi imene mawu amasintha kukhala nyaa, nyaa, mafuta atuluka, munsi ukukana kuzuka. Pamenepo kamchere pang'ono basi. Fungo lake silidziwa mpanda: limadutsa pa zitseko zonse za mdadada, limakafika mpaka kwa alandilodi, ndipo ana amene simunawaonepo chibadwire amayamba kukutchulani kuti anti.

Tsono yerekezani ndi mnzake majarini. Uyu adabadwa mu 1869, pamene mfumu Napoleon III ya ku France inkafuna bata wotchipa wa asilikali ndi amphawi. Katswiri wina, Hippolyte Mège-Mouriès, adamupanga ndi mafuta a ng'ombe. Lero amapangidwa ndi mafuta a zomera, inde, koma ena amathiramo mkaka wa ufa, choncho wosala za ng'ombe ayenera kumufunsa mafunso ambiri asanamulowetse m'nyumba. Blue Band ndi Stork sindikuwanyoza, adatilera. Koma chiponde cha mumtondo sichifuna kufunsidwa. Agogo ake ndi mtedza, amalume ake ndi mtedza, mlamu yekha ndiye mchere.

Peyala naye amadzitama kuti ndi bata wa amphawi. Ndi wabwino, koma ndi mlendo wa nyengo, ndipo amapsa pa ola limene iye wafuna: dzulo mwala, mawa wada mkati. Bata weniweni uja, magetsi akangothima mu Okutobala, amasungunuka nkukhala msuzi. Chiponde chimangokhala pa shelefu chili duu, filiji sichiidziwa, timafuta take titayandama pamwamba kudikira supuni. Sichisankhanso bwenzi. Buledi, sikono, obama, chigumu, mbatata yootcha, chinangwa chophika, phala la mgaiwa, nthochi, ngakhale chala chopanda kanthu, onsewo chimawalandira mofanana. M'rasta wa ku Area 25 ndi m'busa wa ku Area 23, amene sagwirizana pa china chilichonse, pa botolo ili amagwirizana.

Koma ntchito yake yaikulu, imene akuluakulu a Nobel sanaimvebe, ndi yobweretsa mtendere. Chiponde chimamata kumwamba kwa m'kamwa. Munthu amene waluma chibanthu chopakidwa mowolowa manja sangatukwane, sangakumbutse ngongole, sangafunse kuti dzulo munabwera nthawi yanji. Amangotukula nsidze, lilime likugwira ganyu, dzanja likufufuza kapu ya tiyi. Pamene akumeza, mkwiyo wapita kale. Akadayamba ndi chiponde m'mawa uliwonse aphungu athu ku Nyumba ya Malamulo, Sipikala akadamapita kunyumba mawu ali bwinobwino.

Apa nthabwala ziime kaye. Dokotala wa ku America, Mark Manary, atagwira ntchito pakati pa ana onyentchera ku Blantyre, adayambitsa Project Peanut Butter mu 2004, ndipo chiponde chosakaniza ndi mafuta, shuga, mavitamini ndi mkaka wa ufa chakhala chikudzutsa ana amene makolo awo adali atataya mtima. Cha kuchipatalacho anzathu osala mkaka sangadye, komanso si cha abambo ofuna kupaka pa buledi, ngakhale ena manja amawayabwa. Ndiuzeni, ndi bata uti adagonekapo matenda?

Mdani chiponde chili naye mmodzi: chuku. Mtedza wonyowetsedwa kuti usavute kuswa, kapena wosungidwa pachinyezi, umamera nkhungu imene poizoni wake amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Njere yofota, yakuda kapena yowawa isalowe mumtondo. Mfumu siyenda ndi nduna zowola.

Ndiye pempho langa kwa akuluakulu ndi laling'ono. Pa raundabauti ina ya mu Lilongwe muno paimikidwe mtondo wamkuwa wotalika kuposa bilibodi. Kuseri kwa K5,000 kukhale chitsa cha mtedza. Ndipo opanga mabotolo a chiponde cha m'sitolo aitanidwe ku komiti ya Nyumba ya Malamulo, adzafotokoze pamaso pa dziko chifukwa chimene amapangira kukamwa kwa botolo kochepa chonchija, koti dzanja la munthu wamkulu, wolipira msonkho, limathera pa zala zitatu pamene chokoma chenicheni chili pansi.