Mtolo wopanda luzi

Agogo anandilera ndi mwambi wakuti pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo ndakhala ndikuthawirapo pa chilichonse, makamaka pobweza ngongole. Sabata yatha mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta, anandiseka. "Malume, mwambi wanuwo mukalowa nawo mu kernel mugwetsa makina."

Kernel ndiye kapitao wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Amagawa memory m'masamba, nthawi zambiri a ma byte 4096 lililonse, ndipo amasunga kaundula wotchedwa page table, wonena kuti tsamba lakuti lili pakuti. Vuto ndi loti purosesa amawerenga kaundulayu yekha, nthawi imene wafuna, osanena odi.

Intel itatulutsa Pentium Pro mu 1995, inabwera ndi njira ya PAE yoti makina a ma bit 32 azifikira memory yoposa 4 GB. Mzere uliwonse wa m'kaundula unakula kufika ma bit 64, chonsecho dzanja la purosesa linazolowera kulemba 32 nthawi imodzi. Kulemba kawiri, theka ndi theka. Tsono tayerekezani kuti mwalemba theka, cholembera chili m'mwamba, purosesa wina wasuzumira. Waona theka latsopano lophatikana ndi theka lakale, adiresi yopanda mwini, ngati envelopu yolembedwa dzina la mkwati koma mudzi wa chibwenzi chakale. Ndipo safunsa. Amangopita komweko, n'kukawerenga kapena kulemba m'tsamba la eni.

Apa ndinavomera kuti agogo agonja. Akatswiri a kernel amafuna kusintha kumene amati atomic: zonse kamodzi, kapena osayamba n'komwe.

Koma mnyamatayo, pofuna kundimaliza, anandionetsa mizere itatu ya mu Linux yolembera mzere wotere, ndipo anadzikola yekha. Kernel amayamba kulemba theka lam'mwamba. Kenako amaika chotchinga kuti ndondomekoyo isasinthike. Pomaliza amalemba theka lam'munsi, mmene muli bit imodzi yonena kuti tsambali lilipo. Bit imeneyo isanayake, wosuzumira aliyense amaona ngati palibe kanthu. Pofufuta amatembenuza: bit ija imazima kaye, zina pambuyo.

"Iwe," ndinatero, "bit imeneyi si luzi?" Amene anatolapo nkhuni akudziwa kuti umatola imodziimodzi, koma susenza usanamange. Ukasenza zosamanga zimakugwera pa zala. Agogo sanatchule luzi chifukwa sankaganiza kuti mdzukulu wawo angakhale wopusa chotero. Kunena zoona zinandikhudza: ntchito zambiri zimene ndinaononga pa moyo wanga ndinazilengeza zisanamangidwe.

Mnyamatayo sanagonje. Anati pali pena pamene luzi silithandiza. Purosesa akalemba m'tsamba amaika yekha chizindikiro m'kaundula chakuti tsambali ladetsedwa. Kernel akawerenga mzere, n'kuufufuta pambuyo pake, chizindikirocho chikhoza kugwera pakati, ndipo zimene munalemba sizikafika pa disiki. Pamenepo amagwiritsa ntchito lamulo la xchg: kutenga chakale ndi kuika chatsopano m'kuphethira kumodzi, ngati wogulitsa pamsika amene sasiya tomato asanagwire ndalama.

Tinasiyana osagwirizana. Ngongole ija ndikubwezabe motsatira agogo. Mwini wake, ndamva, ndi wa chipani cha xchg.