Mlandu wa malata

Ku Ntcheu kuli anthu amene olemba kaundula wa Mtukula Pakhomo sawaona: aja anakhoma malata. Mlonda wa pa boma, mayi wogulitsa kachewere ku Tsangano, mnyamata wa kabaza pa Lizulu. Olemba osauka akafika, amangoyang'ana denga n'kudutsa. Sadziwa kuti malatawo ndi ngongole ya banki m'khonde, ndipo pansi pake anthu akudyera mpiru wopanda tomato. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro amapeza wakatapila atakhala kale pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake. Koma kumaliro, ee, "bwana khalani pampando", kenako bokosi ndi lanu. Abale anga, chaka chino folerani udzu pamwamba pa malatawo.